Phiri Tili Nalo, Mathithi Tili Nawo

Disembala akafika, foni imadzaza ndi zithunzi za anzathu amene ndalama zimawamvera: uyu ali pamwamba pa Drakensberg, uyo akusambira m'munsi mwa mathithi, mano onse pamtunda. Ine, amene malipiro anga amangodutsa m'thumba ngati mlendo wofunsa njira, ndaiganizira nkhaniyi mofatsa, ndipo ndapeza kuti munthu wokhala ku Ekurhuleni kuno ku Joni alibe chifukwa chotayira ndalama pa ulendo wotere. Musati ndi umphawi ukundiyankhulitsa. Ndi masamu.

Bwalo la ndege la OR Tambo ku Kempton Park lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Sapitwa, nsonga ya Mulanje, ndi mamita 3,002. Ndiye kuti munthu amene ali pamzere wa tekisi ku Tembisa wapitirira kale theka la Sapitwa ali chiimire, buledi kukhwapa. Wofuna kuwonjezerapo, mapiri achikasu aja ndi awo ku Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs, milu ya dothi la m'migodi imene inayamba kumera golide atapezeka kuno ku Joni mu 1886. Mulanje anaumba ndi Chauta, koma awa anathandiza kuumba ndi agogo athu a pa Wenela, choncho Mmalawi akakwera ndiye kuti akuyendera chuma chamasiye.

Wina anena kuti phiri lopanda mathithi ndi chulu chabe. Zoonadi, ku Roodepoort kuli mathithi a Witpoortjie, aatali mamita pafupifupi 70, m'munda wa zomera wa Walter Sisulu. Koma kumeneko umalipira pachipata, kenako n'kukuuza kuti kusambira n'koletsedwa. Ulipire kuti ukaonerere madzi! Kwathu kuno mathithi amakupeza wekha. Paipi ikaphulika pamsewu, madzi amathovoka kupitirira denga, oyera mbee, masiku angapo osaleka, pamene mpopi wa m'nyumba ukungotsokomola mphepo. Amene anatcha dera lino Witwatersrand, kutanthauza mtandadza wa madzi oyera, anali alosi. Ku Likhubula amanyadira Dziwe la Nkhalamba limodzi lokha. Ife dzenje lililonse la pamsewu ndi dziwe, ndipo ena mwa maenjewo ndi nkhalamba ndithu, anaona makhansala atatu akubwera n'kupita. Bilu ya madzi ikakwera ndasiya kudandaula: ndi ndalama ya pachipata, yolipiriratu.

Chitsutso chimene chimandivutako n'chakuti phiri lenileni silisamuka. Apa ndivomere. Kufupi ndi Brakpan, kampani ya Ergo imasungunula miluyi ndi madzi amphamvu n'kukokera matopewo m'mapaipi kuti itolemo golide wotsalira. Mungathe kukonza ulendo wa Khirisimasi, n'kukapeza phiri linapita kukagwira ntchito. Komatu izi zikungosonyeza ulemu wa mapiri athu, chifukwa mphepo ya mu Ogasiti ikawomba, phiri limabwera lokha kudzakuchezerani, n'kulowa pawindo, m'mbale ya nsima ndi m'chifuwa cha mwana. Pamenepa nthabwala imandithera. Golide anapita kukayengedwa ku Germiston n'kuwuluka; fumbi linatsala ndi osauka, ndipo lina linapita ku Mzimba ndi ku Dedza lili m'mapapo mwa amuna amene analikumba. Mu 2019 khoti linavomereza marandi 5 biliyoni olipira ogwira ntchito m'migodi ya golide amene anadwala nalo. Munthu akudikira mapepala, mapapo sadikira.

Tsono ulendo wa chaka chino ndaulemba kale. M'mawa kukwera phiri, ngati lidakalipo. Masana kusambira pa mathithi a pakona, thaulo paphewa ndi chigubu m'manja, poti kunyumba kukufunika madzi ophikira. Zithunzi ndijambula chogwada, kuti shopu ya matayala isaoneke kumbuyo.