Ku Albi amalamula ndi mayi wa buledi

Afalansa ndi anthu osamva za munthu. Mfumu yawo anaidula mutu mu 1793, ndipo mpaka lero boma likangowaputa amakhamukira mumsewu ndi zikwangwani. Koma mukawaone anthu omwewo m'mamawa ku Albi, tauni ya njerwa zofiira m'mphepete mwa mtsinje wa Tarn. Loya, wapolisi, agogo ndi kagalu kawo, onse ali ndondondo pamzere, phee, kudikira mayi wogulitsa buledi.

Nditabwererako ndinapeza zonse zili mmene ndinazisiyira. Tchalitchi chachikulu cha Sainte-Cécile chidakali njoo, alendo akuchijambula mpaka makosi kuwawa. Eni tauni sachicheukira n'komwe. Mtima uli pa buledi wotentha basi.

Ukalowa m'bekale, uyambe ndi moni: "Bonjour, madame." Ukangoiwala, mayiyo amakupatsa moniwo iyeyo, mokweza ndi mochedwetsa dala, kuti mzere wonse udziwe kuti kwanu kunalibe akuluakulu.

Ukadutsa pamenepo pali nkhani ya kapsedwe. Uyu akufuna wopsa kwambiri, uyo woyererako. Buledi wawo wotchedwa baguette yense ndi wamtali pafupifupi masentimita 65, wolemera magalamu 250, koma bambo wina amaloza ndithu: "Iyayi amayi, osati ameneyo. Winayo, wakumanzereyo." Mzere sudandaula. Aliyense akudziwa kuti ikafika nthawi yake nayenso avuta chimodzimodzi.

Buledi ameneyu ali ndi malamulo ake m'mabuku a boma. La mu 1993 limakana mankhwala owonjezera mu baguette de tradition: azipangidwa ndi ufa wa tirigu, madzi, mchere ndi chotupitsa, ndipo mtanda wake usaumitsidwe mufiriji. La mu 1998 limati sitolo isadzitche boulangerie ngati sikanda ndi kuphika pamalo pomwepo. Mu 2022 bungwe la UNESCO linaika luso lophika baguette pamndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Chuma chimenecho mumachiona chikudutsa mumsewu chitapanidwa m'khwapa mwa munthu wathukuta.

Komanso sichifika kunyumba chathunthu. Bambo wa suti akangotuluka pakhomo amayang'ana uku ndi uku, n'kubudula kansonga, khumu! Nyenyeswa mbwee pa tayi. Kunyumba mkazi wake safunsa kanthu, poti dzulo wobudula anali iyeyo.

Patebulo buledi sapatsidwa mbale, amangogona pansalu pambali pa foloko. Koma tayesani kumugoneka chagada! Dzanja la agogo limafika msangamsanga kudzamutembenuza. Amati ndi tsoka, poti kale wogonekedwa chotero ankasungira wonyonga anthu. Ochita zimenezi ndi omwe aja amakuuzani kuti iwo sakhulupirira zamalodza.

Chiyeso chenicheni chimadza mu Ogasiti. Pachitseko cha bekale pamamatidwa kapepala: tapita kutchuthi. Tauni imasokonezeka. Anthu olemekezeka amazembera ku bekale ina ya kuseri kwa msika, mutu uli pansi, ngati akupita kwa chibwenzi chamseri. Akakumana komweko amapatsana moni wamanyazi, nkhani osaitchula.

Mayi uja akabwerako, atada ndi dzuwa la kunyanja, amafunsa mmodzimmodzi kuti adya chiyani masiku onsewa. Loya, amene amakalipa m'khoti osaphethira, amayankha motsitsa mawu: "Amayi, tavutika. Wa kwinako sadyeka." Pomwe dzulo lomweli anagulako awiri.