Pang'onopang'ono ndi mtolo, nanga luzi lili kuti?

Amene anayamba kunena kuti pang'onopang'ono ndi mtolo ayenera kuti anali atadya kale. Munthu wanjala sapeka mwambi wotere. Ine mwambiwu ndaugwiritsa ntchito zaka zambiri, makamaka ana akafuna ndalama zonse nthawi imodzi, osadziwa kuti tsiku lina udzanditembenukira ndili khale pansi mumzinda wa Kyoto, miyendo itachita dzanzi, patsogolo panga pali kambale kokhala ndi kanthu kosaposa chala chamanthu.

Anatiitana ndi mwana wathu wachisamba amene akuphunzira ku Japan. Tinanyamuka anthu anayi: ine, mayi ake, mzime wathu wa zaka 11, ndi apongozi anga, mayi a ku Nkhotakota amene anabadwira pakati pa nsomba ndi mpunga ndipo sauzidwa kanthu pa ziwirizi. Unali mwezi wa November, mitengo ya kumeneko itayamba kufiira ngati yapsa. Kuchoka ku Tokyo tinakwera Shinkansen, sitima imene imameza mtunda wa makilomita pafupifupi 500 m'maola awiri ndi timphindi. Ndinaganiza kuti anthu othamanga chonchi, chakudya chawonso sichichedwa. Mgonero wa usiku umenewo unatenga nthawi yaitali kuposa ulendo wa pasitimawo.

"Ababa, simungabwerere kumudzi musanadye kaiseki," anatero mwanayo. Anali atatipezera malo ku ryokan, nyumba yogona alendo yachikale, kumene nsapato umazisiya pakhomo, ndipo dziko lonse limadziwa kuti sokosi yako ndi yobooka. Pansi ndi pa tatami, mphasa zawo zolukidwa bwino. Apongozi anangofika n'kukhala mwaa, miyendo tambalale, ngati ali pakhonde kwawo. Ine, munthu wa mpando wa mu ofesi, ndinapinda mwendo uwu, ndinapinda uwo, mawondo akulira ngati chitseko chosowa mafuta.

Anatipatsa mikanjo yotchedwa yukata. Ine ndinaikulunga mbali ya kumanja pamwamba pa ya kumanzere. Mayi wotisamalira, amene kumeneko amati nakai, anagwada, n'kumwetulira, n'kuuza mwana wanga chapansipansi kuti kavalidwe kameneko ndi ka mtembo. Wamoyo amaika mbali ya kumanzere pamwamba. Apongozi, poti kwathu salankhula ndi mkamwini mwachindunji, anatembenukira kwa mdzukulu wawo.

"Auzeni bambo anu asafulumire. Maliro a kudziko la eni ndi odula."

Ndipo apa panali vuto lina limene a ku Japan sanaliganizire. Chikwatirireni sindinadyepo mbale imodzi ndi apongozi. Tsopano tinali pa katebulo kamodzi kafupi, maso ndi maso, popanda ngakhale chikho chachikulu chobisalako.

Mbale yoyamba, sakizuke, inabwera. Kambale kokongola koti ukhoza kukaika pakabati alendo aziona. Mkati mwake munali kachidutswa ka yuba, kachikopa kamene kamayandama pamwamba akamawiritsa mkaka wa soya, ndi katsamba kamodzi kobiriwira. Tinanena mawu amene anatiphunzitsa, itadakimasu, kuthokoza tisanadye. Mawuwo anali aatali kuposa chakudyacho. Mzime anameza kamodzi n'kufunsa ngati kumeneku kunali kulawa mchere.

Mwana wachisamba, poona nkhope zathu, anayamba kutiphunzitsa. Dzina loti kaiseki, likalembedwa m'zilembo zimene anthu a mwambo wa tiyi amagwiritsa ntchito, limatanthauza mwala wa pachifuwa. Akuti ansembe achibuda a Zen ankatenthetsa mwala n'kuuika m'chovala chapamimba kuti apusitse njala. Kenako dzinalo linapita pa kachakudya kochepa kodya munthu asanamwe tiyi wowawa wobiriwira: mpunga, msuzi umodzi ndi ndiwo zitatu. Amene amatchuka pokonza mwambo umenewu ndi Sen no Rikyū, katswiri wa tiyi wobadwira ku Sakai mu 1522. Mu 1591 mbuye wake, Toyotomi Hideyoshi, anamulamula kuti adziphe. Olemba mbiri amatchula zifukwa zosiyanasiyana. Ine usiku umenewo ndinali ndi changa.

Apongozi anamvetsera zonsezi mwachifatse, kenako anafunsa: "Ndiye mwalawo abweretsa nthawi yanji?"

M'malo mwa mwala kunabwera hassun, kathireyi ka matabwa ka masentimita pafupifupi 24 mbali iliyonse, pamene wophika amalengeza nyengo ya chaka. Panali tinthu ta m'nyanja ndi ta kuphiri: kansomba, kamtedza ka ginkgo kobayidwa ndi singano ya paini, kachipatso ka kuri, ndi tsamba lofiira la momiji loyalidwa pambali. Mayi a ana anafunsa ngati tsambalo ndi ndiwo. Anawayankha kuti ndi loona ndi maso. Kwathu tsamba likagwera m'mbale timathira chakudya kwa galu, kuno analitola dala, n'kulitsuka, n'kuliwerengera pamtengo. Ndinayamba kusintha ndalama zawo za yen kuziika m'matumba a feteleza, koma ndinaleka pakati kuopa kuti njala ingasanduke matenda a mtima.

Nsomba yaiwisi, mukōzuke, apongozi anaiyang'ana nthawi yaitali. Munthu wa kunyanja sanyoza nsomba, koma iyi inali isanaone moto, ndipo iwo anaikankhira kwa mdzukulu wawo n'kunena kuti auze wophika kuti waiwala.

Zinthu zinasintha pamene anabweretsa kaketulo kadothi, aliyense kake, kali ndi kakapu kovundikira pamwamba. Apongozi anayamba kuyang'ana uku ndi uku kufunafuna shuga. Sanali tiyi. Unali dobin mushi, msuzi wa bowa wa matsutake, amene amamera m'nkhalango za paini m'nyengo imeneyi ndipo anthu alephera kumulima m'munda, n'chifukwa chake mtengo wake umaluma. Umathira msuziwo m'kakapu, kufinyiramo kandimu kobiriwira ka sudachi, kenako n'kutsegula kaketulo kudya za mkati. Msuziwo unali woyera ngati madzi a pamjigo. Ndinauderera. Nditaumwa ndinakhala chete.

Chinsinsi chake ndi dashi, madzi owiritsiramo kombu, ndere ya m'nyanja imene yambiri imachokera ku Hokkaido, ndi tizimeto ta katsuobushi, nsomba yowamba ndi kuumitsa mpaka kulimba ngati mtengo. Mu 1908 katswiri wina wa sayansi ku Tokyo, Kikunae Ikeda, anafufuza chimene chimakometsa kombu, n'kutcha kukoma kumeneko umami. Mwana wanga ananena zonsezi monyadira. Apongozi anamwa, n'kutseka maso, n'kumwanso.

"Uwu ndi msuzi wa utaka wouma," anatero, "koma utaka wake unapita kusukulu."

Kuyambira pamenepo anasiya kukankha mbale. Nsomba yootcha itafika anaitembenuza ndi timitengo todyera tija ngati anabadwa nato, n'kuvomereza kuti wootchayo amaudziwa moto. Masamba ophika, amene chilichonse amachiphika pachokha n'kudzakumana m'mbale, anawayamikira kuti mpiru ukumveka mpiru, dzungu likumveka dzungu, osati zonse kumveka tomato ndi anyezi monga zimakhalira m'nyumba zina. Ponena "nyumba zina" sanayang'ane mwana wawo, koma mwana wawoyo anamva.

Ine ndinali ndikuwerenga mbale, ndipo ndinasokonezeka penapake pa yachisanu ndi chiwiri. Chimene sindinachizindikire n'choti lamba wa yukata uja anali atayamba kuthina. Mimba inali ikudzaza mwakachetechete popanda kudziwitsa mutu. Mutu unali ukudikirabe nsima. Mchewa sayeza kukhuta ndi mimba. Amayeza ndi mitanda. Mukhoza kumupatsa mbuzi yonse, koma ngati sanatuwe manja ndi nsima, mawa adzauza anthu kuti anagona ndi njala.

Ndipo apa m'pamene ndinakangana ndi mwambi uja mumtima. Mayi aliyense wotola nkhuni amadziwa kuti luzi umaliyala pansi poyamba, kenako n'kumasanjapo nkhuni imodziimodzi. Popanda luzi ulibe mtolo, uli ndi zitsotso zomwazika. Kwathu nsima ndiye luzi, imafika poyamba, ndiwo n'kumagonapo. Anthu awa anali akutisanjira nkhuni kwa maola awiri pa dothi lopanda kanthu.

Luzilo linafika pamapeto. Mpunga woyera wa chaka chomwecho, wonyezimira, wogwirana, pamodzi ndi msuzi wa miso ndi timasamba towawasa. Mwana wanga anati mawu oti gohan amatanthauza mpunga wophika komanso chakudya chenichenicho, monga ife tikati "bwerani tidye nsima" ngakhale pali nkhuku. Ndiye kuti iwonso amadziwa chimene chimamanga mtolo, kungoti amakonda kuzunza mlendo kaye. Apongozi ananunkhiza mpungawo, n'kunena kuti fungo lake silifika pa la mpunga wa Kilombero, koma anaphunzira mawu ena achijapani, okawari, kutanthauza onjezerani, ndipo anawatchula kawiri momveka bwino kuposa mdzukulu wawo wa ku yunivesite.

Mzime, pofuna kupumira, anazika timitengo take chilili pakati pa mpunga. Mkulu wake anatizula msangamsanga: mpunga wozikidwa timitengo amaikira akufa. Usiku umodzi wokha banja lathu linali litalengeza maliro awiri.

Pomalizira kunabwera kachidutswa ka chipatso cha kaki. Ndinkafuna kukaseka kuchepa kwake, koma ndinapeza kuti ndilibe pokaika. Ine amene ndinafika ndikuopa kufa ndi njala ndinalephera kachipatso kosaposa bokosi la machesi. Kudzuka pa tatami kunafunika anthu awiri, ndipo mmodzi wa iwo, mwambo uli apo, anali apongozi.

Tisanagone foni inalira. Anali mlamu wanga, kumudzi dzuwa lili pamutu, kufunsa ngati agogo adya.

"Iyayi," anayankha apongozi, akusisita mimba, mawu akutuluka movutikira. "Kuno tangolawa ndiwo. Tikadya tikabwera."

Tinabwerera kwathu, ndipo ine ndinakhala mlaliki wa kaiseki. Aliyense wobwera kunyumba ankamva za mwala wa pachifuwa, za bowa wa m'ketulo, za ulemu wopatsa chakudya chilichonse mbale yakeyake. Mayi a ana ankangomvetsera. Mu January, fizi italipidwa, ndalama ya ndiwo itatha, ndinafika madzulo n'kukhala patebulo. Anabwera atagwada, akumwetulira, n'kundiikira sosala. Pakati pake panali usipa umodzi, utagona mwaulemu pa tsamba la mango lotsuka bwino.

"Nanga nsima?" ndinafunsa.

"Imabwera kumapeto, bambo. Malizani kaye mbale yoyambayi."