Ulemu kwa a Thewera, eni ake a mvula

M'dziko muno ulemu timautha. Pamsonkhano uliwonse wolankhula amayamba watchula maudindo onse, kuyambira mlendo wolemekezeka mpaka amene wabwereketsa mabenchi, ndipo akamafika pa nkhani yeniyeni anthu ena amakhala atapita kale kukateleka madzi a nsima. Amayi tinawapatsa tsiku lawo pa 15 Okutobala, apantchito pa 1 Meyi, a Chilembwe pa 15 Januwale. Koma pali wantchito mmodzi amene sanapiteko kutchuthi, sananyanyalepo ntchito, amalandira ndi manja awiri zimene wina aliyense angathawe, ndipo palibe anamugulirapo ngakhale botolo la Fanta. Ndikunena a Thewera. Abambo vulani zipewa, amayi ombani m'manja, ndiwatamande akuluakuluwa.

Tisasokoneze. Ndikunena thewera lenileni, la nsalu ya thaulo, la makona anayi, lija mumalipinda mwaluso n'kulimanga ndi phini chala chanu chili m'kati kuti phiniyo ikafuna kubaya ibaye inu. Ndikunenanso m'bale wake wosauka, chitenje chakale chimene chinavinapo paukwati, chinakhalapo pansi kumaliro, chinaberekapo ana atatu, kenako chinang'ambidwa panayi n'kupatsidwa udindo watsopano. Mwa zitenje zimenezi, zimene zimandisangalatsa kwambiri ndi zija amatigawira pa kampeni, zokhala ndi nkhope ya munthu akumwetulira ndi mawu olonjeza chitukuko. Chisankho chikadutsa mwini nkhopeyo sitimuonanso m'dera lathu, koma nkhope yake imatsala nafe, ndipo m'nyumba zambiri imagwira ntchito yooneka ndi maso usiku uliwonse. Osanena kuti andale sathandiza ana.

Pa buku la landilodi, mutu wa banja ndine. Koma aliyense amene analererapo khanda akudziwa amene amalamula. Ola lodzukira amalengeza ndi a Thewera. Chigubu choyamba cha madzi ochokera ku kiyosiki n'chawo, ife osamba tidikire chachitatu. Ndalama ikatsala yochepa, n'kumakambirana ngati tigule matemba kapena sopo, msonkhanowo sutenga nthawi: tidya masamba. Ngakhale apongozi anga, amene sagonjera munthu, akafika amayamba apereka moni kuchingwe, kugwira thewera lililonse, kulinunkhiza, kenako n'kutifunsa ife ngati tadzuka bwino.

Komatu zonsezi n'zazing'ono. Ukulu weniweni wa a Thewera uli pa mvula.

Makolo athu mvula ikavuta ankayenda mitunda. Ena ankapita ndi nsembe ku Khulubvi ku Nsanje, kwa Mbona, ena ku Msinja kwa Makewana. Sindikunyoza, ankachita zimene ankadziwa. Ndikungoti ife a m'nyumba za mdadada tinatulukira njira yachidule. Chapani matewera khumi ndi awiri, muwatsukuluze, muwayanike pachingwe m'mawa wa Disembala kumwamba kuli mbee, popanda ngakhale kamtambo. Kenako kwerani minibasi. Ndikukutsimikizirani kuti musanatsike ku Limbe, kumbuyo kwanu kudzakhala kutada bii, ndipo kondakitala adzakufunsani chimene mukudandaulira pamene simunalipire n'komwe.

Nkhaniyi ndaifufuza mozama, ndipo ili ndi malamulo ake. Mvula sibwera matewera akadali onyowa, chifukwa pamenepo palibe chimene ingaononge. Imadikira kuti atsale pang'ono kuuma, m'mphepete mouma gwaa koma pakati pakadali kachinyezi, nthawi ija mayi amati tiwasiye mphindi zochepa chabe. Sibweranso pakhomo pakakhala munthu wamkulu. Imafuna pakhale kamwana ka sitandade 2 kamene munakauza kuti mvula ikayamba kaanule, ndipo kamwanako kamaanuladi mokhulupirika: kamanyamula onse pamodzi, kuthamanga nawo, kuterereka pakhonde, n'kugwa nawo m'matope. Mukabwera mumakapeza kataima pakhomo kakuyembekezera kuyamikiridwa. Ndipo mukati lero sindichapa chifukwa mitambo yachuluka, tsiku limenelo dzuwa limawala mpaka madzulo, aneba onse n'kuumitsa mabulangete awo inu mukuyang'ana. A wailesi amati mvula igwa m'madera ena ndi ena, zimene ngakhale ine ndingalosere. Thewera silinena za madera ena ndi ena. Limatchula nyumba yake ndi ola lake.

Ndiye ndimadabwa kuti chaka cha ng'amba akuluakulu amavutikiranji. Akanangosonkhanitsa amayi a makanda, kuwakweza lole, kukamanga chingwe chachitali kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, n'kuuza amayiwo kuti ayanike kenako apite kumsika. Chimanga chikanacha. Koma ndikudziwa mmene zingathere maganizowa akafika m'maofesi. Pangakhale kaye msonkhano wa masiku asanu kunyanja wokambirana za kutalika kwa chingwe, aliyense n'kusainira alawansi. Kenako kampani ya mlamu wa winawake ingapatsidwe ntchito yogula matewera, limodzi pa mtengo wa mbuzi, ndipo pofika nawo ku Chikwawa angakhale atatsala atatu, chingwe chitasowa m'njira. Bola tingozisunga ngati chinsinsi cha pakhomo.

Walira mvula walira matope, ndipo woitana mvula amagona nayo. Mu Januwale ndi Febuluwale, ikamagwa ya mswera masiku atatu osakata, a Thewera amasamukira m'nyumba. Chingwe chimachoka pa msomali wa pawindo kupita pa chitseko cha kuchipinda, china n'kudutsa pamwamba pa tebulo. Ena amakhala pa misana ya mipando mozungulira mbaula, kuothera moto umene ife eni nyumba tikuuonera patali. Mwana amanunkha utsi wa makala mpaka kusikelo. Apa m'pamene ndinaona mphamvu yawo ina, yophunzitsa kudzichepetsa. Mlendo aliyense wolowa m'nyumba mwathu nyengo imeneyi amalowa chowerama. Akulu a mpingo atabwera kudzacheza ndi banja anapemphera mutu uli pansi kuyambira poyamba mpaka pa ameni, ndipo pamene anadzutsa mutu kuti atidalitse, kona ya thewera lonyowa inawadalitsa iwo pakhosi. Sanakhalitse.

Ndiye pali kusita. Munthu wosadziwa angafunse chifukwa chositira nsalu imene ikukagwira ntchito yotereyi, ngati kuti ikupita kukafunsira ntchito kubanki. Wofunsa choncho sanaonepo mphutsi. Kuli ntchentche ina imene imakonda kuikira mazira pa nsalu yachinyezi, makamaka yokhala ndi kafungo ka mkodzo, yoyanikidwa pamthunzi kapena pa udzu. Mukamuveka mwana osasita, kachilomboko kamaboola khungu n'kukhala m'menemo, kenako pamatuluka kachithupsa kofiira kokhala ndi kabowo pakati. Mwana amalira usiku wonse, inu n'kumaganizira anthu a kumudzi. Amayi odziwa amapaka Vaseline pakabowopo kuti kachilomboko kasowe mpweya, ndipo kakasuzumira amakafinya n'kutuluka kali konenepa, koyera, kooneka kuti kanali pabwino. Mukangoona zimenezi kamodzi, simuonanso kusita ngati mwambo wa azungu. Vuto n'lakuti nyengo ya mphutsi ndi yomweyonso imene magetsi amathima kukangogunda bingu kumapiri. Mumatulutsa simbi ya makala, kuikupiza panja, n'kuyamba kusita, ndipo kakhala kamodzi kamadumpha n'kuboola thewera latsopano lokhalokha. Akale ong'ambika kale sikawafuna.

Amene alibe kalendala pakhoma asadandaule, beseni lochapira limanena zonse. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, mwana akamangoyamwa bere lokha monga amatilangizira kusikelo, a Thewera amakhala aulemu, nkhani zawo n'zofatsa. Tsiku limene mwana walawa phala la Likuni, ubale umasintha. Kuyambira pamenepo amalemba chilichonse osabisa. Mango akapsa mu Novembala ndi Disembala, mudzadziwa kuti azichemwali ake akhala akumuyamwitsa mango kuseri kwa nyumba, ngakhale onse akane mpaka kulumbira. Dowe akafika mu Malichi umboni umabwera wathunthu, njere ndi njere. Mwana wanga wachiwiri anatibwezerapo batani la shati limene tinalifunafuna mlungu wonse. Nthawi zina uthenga umakhala woopsa, thewera likamasinthidwa kasanu dzuwa lisanafike pamutu. Apongozi amati ndi mano akumera, ndipo kwa iwo mwana amamera mano kuyambira ali ndi miyezi itatu mpaka atayamba sukulu. Ife timavomera mwaulemu uku tikusungunula Thanzi m'madzi owiritsa, n'kuyang'ana m'buku la kusikelo ngati analandira katemera wa rota, uja anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2012. Pa nkhani iyi yokha thewera silichita nthabwala, ndipo limauza mayi zoona msanga kuposa wina aliyense.

Mu Juni mumaganiza kuti mwapuma poti mvula yatha. Kenako chiperoni chimatsika kuchokera cha ku Mozambique, kukuta Mulanje, Thyolo ndi Blantyre, kamvula kosaoneka kamene sikanyowetsa munthu koma sikalola nsalu kuuma. Ana amakodza kawirikawiri kukazizira, madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo thewera limakhala pachingwe masiku awiri likuganiza. Okutobala ndiye mwezi wa chipongwe. Thewera limauma musanamalize kuyanika lachiwiri, koma mpopi umangotulutsa mpweya ndi kaphokoso kolonjeza. Mumadzuka nkhuku zisanalire kukaika chigubu pamzere, mumachapa ndi madzi owerengera, ndipo pamene zonse zayera mbuu, kamvuluvulu amadutsa pabwalo atanyamula fumbi ndi mapepala a shuga a dera lonse.

Masiku ano kwabwera mpikisano. Dayapa, wa m'sitolo, wogulitsidwa limodzilimodzi pa okala, amene safuna sopo, chingwe kapena simbi. Ndisaname, paulendo wa basi wopita ku Mzuzu nanenso ndimamugula, ndipo usiku wa chiperoni ndi mpulumutsi. Koma ameneyu ndi mlendo wopanda mwambo. Amagwira ntchito kamodzi n'kukana kuchoka padziko. Saola, sapsa bwino pamoto, m'chimbudzi chokumba amadzaza dzenje landilodi n'kukweza lendi. Ndiye anthu amamukulunga m'jumbo n'kumuponya kuseri kwa mpanda usiku. Agalu amamutola, kumung'amba, n'kudzamusiya pakhomo pa munthu amene mwana wake womaliza ali ku sekondale. Mvula yoyamba ikagwa onse amatsikira m'ngalande, kuitseka, madzi n'kulowa m'nyumba za kumunsi, otsalawo n'kupitirira ulendo wa ku Mudi. Galimoto yotola zinyalala m'dera lathu timangoimva m'nkhani za akuluakulu akale, ngakhale kuti wotolera ndalama za msika sanadwalepo tsiku limodzi. Landilodi ataitanitsa msonkhano wa pabwalo kuti afunse mwini madayapa amene anapezeka pa mpopi, mabanja onse anati ana awo amavala matewera a nsalu. Chodabwitsa n'chakuti pachingwe pamakhala matewera a nyumba ziwiri zokha. Ana a nyumba zinazo ayenera kuti ndi angelo.

Thewera la nsalu silichititsa manyazi otere. Limalera mwana woyamba, kupuma m'sutikesi chaka chimodzi, kulera wachiwiri, kubwerekedwa kwa mlamu, kubwerako anzake awiri atasowa. Likakalamba silipita ku penshoni. Limakhala chokolopera, kenako chopukutira nsapato za kutchalitchi, kenako chotsekera pansi pa chitseko kuti mphepo ya mwera isalowe. Mnyamata wa kabaza wa pafupi nafe amapukutira njinga yake thewera limene iye mwini anavala, ndipo sakudziwa. Amayi ake anandiuza ine ndekha, ndipo ndikusunga nkhaniyi kuti ndidzainene pa ukwati wake.

Pomaliza ndipereke madandaulo awiri m'dzina la a Thewera, poti iwo salankhula. Loyamba lipite kwa mayi a khomo loyamba. Mapegi athu tinawapaka utoto wofiira dala, ndiye mukamati munagula nokha ku Limbe, dziwani kuti utotowo ndi wotsala pa chitseko chathu. Lachiwiri lipite kwa achimwene a khomo lachitatu, amene pa bawo amalankhula mokweza kuti mwamuna weniweni sagwira thewera, kuti zimenezo n'za amuna odyetsedwa khuzumule. Achimwene, nyumba za mdadada zilibe chinsinsi. Cha m'ma 4 koloko m'mawa timamva beseni likukhwekhwerezedwa kuseri, timamva mukutsukuluza kawiri monga anakuphunzitsirani alamu, timamvanso kanyimbo kamene mumaimba chapansipansi. Amayi onse a pabwalo pano anagwirizana kale kuti matewera oyera kwambiri pachingwe ndi anu, ndipo atuma ine kuti ndikufunseni sopo amene mumagwiritsa ntchito.