Nyumba ya Mwini Saotchera Mbewa

Makolo athu ankamudziwa mlendo. Lero mumupatsa mphasa, mawa afunsa mtsamiro, likatha sabata mumupeza wasonkha moto pakati pa nyumba, utsi uli tolotolo. N'chifukwa chake anatisiyira mawu akuti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Kompyuta sanaione, koma mwambiwu ukanayenera kupachikidwa pakhomo la Cloud Run, malo a Google kumene olemba mapulogalamu amagoneka ma app awo a pa intaneti osasamala za seva iliyonse.

Mlendo wa m'nyumbayi, yemwe ndi app, anayenda mtunda kuti afike pamenepa. Mu 2013 kunabwera Docker, njira yomangira pulogalamu m'phukusi limodzi ndi zonse zimene imafuna kuti iyende. Phukusilo ndi limene amati kontena, ndipo linachepetsa kudzikanira kwa akatswiri kuja, kwakuti "komatu pa kompyuta yanga zimayenda bwinobwino." Mu 2014 Google inatulutsa Kubernetes yoti iziyang'anira makontena ambirimbiri, kungoti nayonso imafuna woiyang'anira. Munthu wongofuna katsamba kolembetserapo obwera ku ukwati ankapezeka akulimbana ndi mafayilo a YAML mpaka tambala woyamba. Ndiye Amazon inabweretsa Fargate mu 2017, Google nkubweretsa Cloud Run mu 2019, onse ndi uthenga umodzi: bwerani ndi phukusi lanu, nyumba tili nayo. Mulemba "gcloud run deploy", mudikira pang'ono, akupatsani adiresi yoyamba ndi https. Munthu mpaka kumadziona ngati injiniya.

Malamulo a pakhomopo mumawadziwa mutawaswa kale. Loyamba ndi la khomo. Mwininyumba amauza kontena nambala ya khomo loti idikirirepo anthu, kudzera mu dzina lakuti PORT, ndipo mukapanda kusintha imakhala 8080. App yozolowera kwawo imakakamira 3000, kapena imangomvera localhost, komwe kuli ngati kudzitsekera kuchipinda nkumadabwa kuti bwanji palibe akuodira. Mwininyumba amagogoda, kuli zii, nkulengeza kuti kontena yalephera kudzuka. Amene anamangira phukusi lake pa Mac yatsopano, ya purosesa ya mtundu wa ARM, amabwezedwa asanavule ndi nsapato zomwe: nyumbayi imalandira za amd64, ndipo moni wake amakhala "exec format error".

Koma mbewa yeniyeni, yonona, imene aliyense amafuna kuotcha, ndiyo kusunga mafayilo. Mnyamata wapanga app yoti anthu azitumiza zithunzi. Pa laputopu yake zithunzizo zimagwera mu foda nkukhala momwemo. Waitengera app ija ku Cloud Run, wayesa, zatheka, wauza abwana, abwana auza komiti. Chimene sanawerenge n'chakuti chilichonse chimene kontena ilemba kumeneko chimakhala mu memory, ndipo mukapanda kupempha yochuluka mumapatsidwa 512 MiB yokha. Zithunzi zikachuluka kontena imakomoka. Zikapanda kuchuluka, mwininyumba amadikira anthu asiye kubwera, nkutulutsa mlendo, nkusesa. Mawa kubwera kontena ina yatsopano, yofanana nkhope ndi ya dzulo, yosadziwa kanthu za zithunzi. Muifunse mwaulemu, muikalipire, yankho ndi 404.

Katulutsidwe kake nako n'kochititsa chidwi. Kontena imalandira chizindikiro chotchedwa SIGTERM, nkupatsidwa masekondi 10 oti itsanzike. Kwathu kuno masekondi 10 sakwana ngakhale kufunsa za ana ndi mbuzi, ndiye kuperekezana mpaka pamsewu osanena. Kumeneko akakwana, SIGKILL, nkhani yatha. Munthu woyamba kudzagogoda pambuyo pake ndiye amalipira: amadikira kontena idzutsidwe, itsegule maso, ipeze database. Akatswiri amati cold start. App yolemera, yonyamula malaibulale osawafuna, imadzuka ngati bambo amene anachezera kumowa. Mukhoza kulamula kuti kontena imodzi izikhala maso nthawi zonse, koma kudikira kumeneko n'kolipira.

Palinso kambewa kena kobisa m'thumba. App imayankha munthu kuti "zikomo, talandira", ikuganiza kuti imelo yotsimikizira itumiza pambuyo, mwakachetechete. Koma mukasiya zinthu mmene zimabwerera, mphamvu ya purosesa imaperekedwa pamene pali pempho loti liyankhidwe. Yankho likangotuluka, mwininyumba amachepetsa nyale. Imelo ija imatsala panjira, mwina nkudzanyamuka pamene munthu wina wagogoda.

Ine pa mlanduwu ndili mbali ya mwininyumba. Amene anasungapo seva pansi pa desiki, pafupi ndi ketulo, akudziwa chimene chimachitika magetsi akazima Loweruka usiku makiyi a ofesi ali ndi munthu amene wapita kumaliro. Malamulo a Cloud Run amangokukakamizani kuchita zimene mukanayenera kuchita kalekale: zithunzi ku Cloud Storage, mayina ndi manambala ku database yapadera, mapasiwedi kunja kwa phukusi. Moto wootchera mbewa ulipo ndithu, koma uli panja, ndipo ngwa mwini yemweyo. Database ya Cloud SQL siigona anthu akabalalika. Imayaka usiku wonse, ndalama zikuwerengedwa. Chitonthozo n'chakuti kuyambira mu 2024 Google ili ndi malo ake ku Johannesburg, choncho pempho lochokera ku Lilongwe kapena ku Chipata siliyenera kukazungulira ku Ulaya, ndipo mapempho 2 miliyoni oyamba pamwezi salipiritsa. Katsamba ka ukwati kaja sikangawamalize ngakhale mudzi wonse utabwera ndi azibale a kuchimuna.

Tsoka limabwera ndi kutchuka. Kontena imodzi imalandira mapempho 80 nthawi imodzi ngati simunasinthe. Akapitirira, mwininyumba sadandaula, amangotsegula chipinda china, kenako china, akumwetulira. Linki yanu ikangogwera m'magulu a WhatsApp, kapena maloboti a pa intaneti akaipeza, zipinda zimatseguka ngati mwaitana chinamwali, ndipo bilu yake, kwa ambiri a ife, imabwera m'madola, pa khadi lomwe munachita kupempha kubanki mutavala jekete. Pali malo olembapo malire a makontena amene angadzuke, ndipo kulemba 2 kapena 3 pamenepo sikutenga mphindi. Ambiri salemba. Amakhulupirira bajeti imene anaika, osadziwa kuti bajeti ya Google Cloud payokha siimitsa kanthu. Imangotumiza imelo yaulemu yokudziwitsani kuti ndalama munaika zija zapitirira, makontena ali kalikiliki kulandira alendo.