Ulemu Upite kwa a Mutu Woyamba

Anthu a ku Balaka amadziwa kulemekeza anthu awo. Paul Banda ndi Alleluya Band amatchulidwa mwaulemu mpaka lero, ndipo Lucius Banda atatisiya mu June 2024 dziko lonse linalira limodzi ndi Balaka. Ku Machinga nako mafumu monga a Kawinga ndi a Liwonde sasowa owaombera m'manja. Koma alipo mkulu wina amene wakhala akutumikira maboma awiriwa kuyambira kalekale, Balaka asanapatuke n'komwe ku Machinga mu 1998. Salandira malipiro, sapita kutchuthi, ndipo palibe anamuimbirapo nyimbo. Chimene timamulipira ndi miseche basi: ati ngwouma mtima, ati ndiye anatilepheretsa kulemba buku lathu lija. Lero ndati ndiwayeretse dzina akuluakuluwa, a Mutu Woyamba.

Tiyambe ndi chitukuko cha pakhomo. Taganizani za mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Ntaja amene walandira kangachepe kake, wagula kope lachikuto cholimba ndi zolembera ziwiri, walengeza kwa mkazi ndi ana kuti tsopano alemba mbiri ya moyo wake. M'mawa wakhala pakhonde, walemba kuti "Mutu 1", wadula mzere pansi pake ndi rula. Kenako zii. Apa m'pamene zozizwitsa zimayambira. Maso ake amene kwa zaka zambiri samaona kuti khola la mbuzi lapendekeka, lero aona. Wadzuka, wakadula mitengo, wakonza khola. Mawa lake wakwera padenga kukamata pomwe pamadontha. Mkuja wamanga masipoko a njinga, wakumba dzenje la manyowa, wakazonda mlamu wake amene anadwala chaka chatha. Alangizi a zaulimi akhala akuyenda m'midzi ndi njinga zamoto kulalikira za manyowa mpaka mawu kusasa, koma a Mutu Woyamba atembenuza munthu m'mawa umodzi popanda kutulutsa liwu. Amayi a m'nyumba, mukaona bambo akusesa pabwalo osatumidwa, musathamangire kwa sing'anga. Fufuzani pansi pa pilo, mupezapo kope.

Nanga mtendere? Buku la aphunzitsi athuwa likanafika pa mutu wachisanu ndi chiwiri likanatchula amene anadya ndalama za njerwa za sukulu, amene anasuntha malire a munda usiku kuchokera pa mlambe uja, ndi mwana wa uje amene mphuno yake ikufanana ndi ya munthu wa kutsidya. Pabwalo la amfumu pakanagwa milandu yosatha, mbuzi ndi nkhuku zikanathera ku chindapusa. Zonsezi sizinachitike, ndipo mudzi ukudyerabe limodzi nsima ya pamaliro.

Amene amawoloka Shire pa Liwonde amaona Kamuzu Barrage, yomwe inamangidwa mu 1965 kuti madzi azitsika mwamuyeso kupita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira kumene amapangira magetsi. Chapomwepo amatcheranso namasupuni ndi zinyalala zina zoyandama kuti zisakatseke makina kumunsiko. Ntchito ya a Mutu Woyamba ndi yomweyo. M'maboma awiriwa muli mabuku ambirimbiri amene akuyandama m'mitima ya aphunzitsi, abusa, mashehe, anamwino, aphungu ogwa pachisankho ndi anyamata amene anakanidwa ndi chibwenzi. Chipata chikanatseguka tsiku limodzi, owerenga akanamira. Inde, nthawi zina pamodzi ndi namasupuni pamakodwanso chambo chonona, buku lomwe likanatisangalatsa tonse, koma palibe mlonda amene sanabwezepo mlendo wabwino pachipata.

Boma linayesapo kuwalanda ntchito. Mu 1968 linakhazikitsa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo bungwe la Censorship Board linaletsa mabuku ochuluka. Ndakatulo za Jack Mapanje za mu Of Chameleons and Gods zinachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo, mwiniwake n'kukakhala ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Koma taonani kuperewera kwake: bungwelo linkafuna maofesi, magalimoto ndi malipiro, linazunza anthu osalakwa, ndipo linkafika mochedwa buku litalembedwa kale, anthu n'kumaliwerengabe mobisa. A Mutu Woyamba sanamangepo munthu. Amaletsa buku lisanabadwe, ndipo mlembi amawathokoza n'kulonjeza kuti abweranso Lolemba.

Kudzichepetsa kwawo ndiye kumandigwetsa misozi. Safuna kutchuka. Mukamufunsa mlembi wa ku Utale chifukwa chimene buku silinatuluke, adzakuuzani za dzuwa la mu October lomwe limasungunula nzeru, za magetsi ozimazima, za kukwera mtengo kwa mapepala, za ana aphokoso. Wa ku Nkaya adzanena sitima ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, kuti ikamadutsa munthu sangachitire mwina koma kusiya cholembera n'kuwerenga mabogi. Ulemerero wonse umapita kwa dzuwa ndi sitima, pamene mwini ntchito ali phee patsamba loyera.

Mphatso yawo yoposa zonse ndi iyi: amakusungirani buku langwiro. Buku losalembedwa lilibe cholakwa ngakhale chimodzi. Palibe mkonzi angalidule, palibe mphunzitsi wa Chichewa angalipezere chiganizo chopunduka. Mukhoza kukhala mlembi wolemekezeka zaka makumi awiri, anthu kumakupatsani mpando wa kutsogolo pa zinkhoswe, ndi tsamba limodzi lokha. Albert Camus anamudziwa munthu wotere. M'buku lake la La Peste la mu 1947 muli kalaliki wina, Joseph Grand, amene madzulo alionse amalembanso chiganizo choyamba cha buku lake, kuchotsa liwu ili, kubwezera liwu lija, mliri uli mkati mumzinda wa Oran. Ngakhale Gabriel García Márquez, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1982, anavomera kuti ndime yoyamba inkamudyera miyezi. Choncho inu a ku Ulongwe amene mwakhala pa chiganizo chimodzi kuyambira nyengo ya thonje yapitayo, musadziderere. Muli m'gulu la akuluakulu.

Mphamvu zawo amazitenga kuti? Agogo athu pofotokoza nthano sankakumana nawo. Ankangoti "padangokhala", ana n'kuvomera "tili tonse", nkhani yayamba. Khomo linali lotseguka kale, ndipo omvera anali pomwepo, akuoneka ngati akusinza kapena atchera khutu. Mlembi alibe womuvomera. Pamwamba pa apo, a Mutu Woyamba amafunsa mafunso onse nthawi imodzi, pakhomo pomwe: akufotokoza nkhaniyi ndani, akuuza yani, ayambira pa kubadwa kapena pa tsiku la tsoka, aseka kapena alira? Mayankho ake munthu amawadziwa akafika kumapeto kwa buku, koma iwo amawafuna lero, ulendo usanayambe. Ndi mayeso amene amabwera patsiku lotsegulira sukulu, ndipo ine ndimagoma nayo nzeru imeneyi.

Tsoka ilo, akuluakuluwa ali ndi adani, ndipo ndiyenera kuwaulula kuti muziwapewa. Ena amalowera kuseri. Amayamba ndi mutu wachitatu, pomwe mkangano wafika kale pa mponda chimera, n'kudzalemba woyamba pomaliza atadziwa kale anthu awo ndi kumene nkhani yathera. Uku n'kuba, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti kumatheka. Ena alibe manyazi: amalemba mutu woyamba woipa dala, wodzaza zibwibwi, ati tidzakonza pobwerera, ndipo amakonzadi. Ena ndi ankhanza. Amalemba masamba asanu okongola a dzuwa likutuluka kuseri kwa phiri la Chikala, mbalame zikuimba, amayi akupita kumjigo, kenako amawang'amba onse n'kuyambira pa tsamba lachisanu ndi chimodzi pomwe munthu wagogoda pachitseko ndi uthenga woipa. Ndamvanso za ochenjeretsa amene amakwera kabaza pa depoti ya Balaka n'kumamufotokozera wopalasayo nkhani yawo pakamwa. Pomwe mnyamatayo wachepetsa liwiro n'kufunsa kuti "ndiye zinatha bwanji, bwana?", iwo amadziwa kuti buku liyambire pamenepo. Kumugwiritsa ntchito ziwiri mwana wa eni pa mtengo wa ulendo umodzi!

Mdani wamkulu ndi tsiku lotsekera. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, analemba Nthondo polowa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zilankhulo za mu Africa, ndipo bukulo linatuluka mu 1933. Mpikisano sudikira kuti munthu apeze chiganizo chokoma, ndiye Ntara analemba, napambana, ndipo ana asukulu akhala akuvutika nalo bukulo mibadwomibadwo. Pa Balaka pomwepa, atolankhani a Mkwaso ndi The Lamp ku Montfort Media amawanyoza a Mutu Woyamba poyera, chifukwa makina osindikizira akayamba kulira palibe amafunsa ngati mzimu wolemba wafika. Anthu oterewa amakonda kutiopseza ndi mwambi uja wakuti zengerezu adalinda kwawukwawu, osatiuza kuti zengerezuyo khola lake la mbuzi linali lowongoka.

Mukamvera adaniwa, musadzati sindinakuchenjezeni. Mudzadutsa mutu wachiwiri, wachitatu, mpaka buku lidzatha. Mudzagulitsa matumba a nandolo kuti mulisindikize. Pa tsamba loyamba lomwelo mudzapeza liwu lolembedwa molakwika, ndipo woyamba kuliona adzakhala mlamu wanu. Achibale onse kuyambira ku Phalula mpaka ku Nayuchi adzafuna lawo laulere, theka la iwo adzakwiya kuti simunawatchule, ndipo theka linalo lidzakusumirani kwa amfumu chifukwa munawatchula.