Mlendo Wokhuta wa ku Palabana

Ife amene tinaleredwa ndi agogo tili ndi nthenda imodzi: akatiitanira chakudya, pakamwa pamayamba kutuluka mawu akuti "ndadya kale". Sikuti tadyadi ayi. Iwe umakana, mwininyumba amakakamiza, umakananso chotsitsa mawu, iye n'kubwera ndi madzi osamba m'manja, basi umagwetsa mitanda yako ngati wochita kuumirizidwa. Aliyense amadzuka ndi ulemu wake.

Mwambo umenewu ulibe chiphaso chowolokera pa Mchinji. Ndinkapita kukaona achemwali anga amene anakwatiwa ku Palabana, m'boma la Chongwe, kufupi ndi Lusaka, kuja kodziwika ndi sukulu ya ulimi wa ng'ombe zamkaka. Pa Mwami ndinapereka mpukutu wa ndalama kwa mnyamata wosintha, iye n'kundibwezera timapepala tosadzaza ndi thumba la malaya lomwe. Anzathuwa anadula maziro atatu pa kwacha yawo mu 2013, pamene yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye masamu ake ngozunguza mutu. Mtima unkati timapepalato taperewera. Pakamwa panati, "Zikomo kwambiri, achimwene."

Pa Katete mayi wina anandikhazika mwana pamiyendo, ati pang'ono chabe. Anadzamutenga titawoloka mlatho wa Luangwa, mwanayo atamaliza nthochi zanga za pa Nyimba.

Ndinafika madzulo, miyendo ili njenjenje ndi njala. Nkhuku yachikuda inali itaphedwa chifukwa cha ine.

"Mulamu, sambani tidye," anatero alamu anga.

"Ayi zikomo, alamu, ndadyera m'njira."

"Chabwino."

Chabwino! Ndinadikira kuti afunsenso. Ndinayang'ana achemwali, iwo maso ali pa mphika. Nthutumba, imene kwathu ndi ya mlendo, inapita kwa mwana wa Giredi 3, ndipo anaitafuna akundiyang'ana m'maso. Alamu angawo ndi Msoli. Mtundu umene mfumu yawo, Nkomeshya Mukamambo II, imatsogolera anthu kupempha mvula poyera pa mwambo wa Chakwela Makumbi, ungazungulire pa nkhani ya nsima? Kwa iwo munthu wamkulu akati wakhuta, wakhuta.

Tambala woyamba atangolira anandifunsa ngati ndingathandize kukama. Ndinati palibe vuto, chonsecho chibadwire bere la ng'ombe ndinali ndisanaligwirepo. Ng'ombeyo inandiponda chala chachikulu n'kuimapo ndithu, ikubzikula mwamtendere. Atafunsa ngati ndapweteka, ndinati ndi pang'ono chabe, misozi ili mbwembwembwe.

Achemwali anandipezerera usiku wina ndili kukhitchini, ndikupala mkute ndi kachidutswa ka chikanda kudzanja.

"Achimwene, mudzafera ulemu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kuno mukafuna chinthu nenani, mukakana kanani."

Ndinayamba maphunziro kuseri kwa khola. Ndinkaimirira pamaso pa ng'ombe ija, chifuwa patsogolo, n'kumati "Ayi!" kenako "Ndikufuna!" Mnyamata woweta anakauza alamu kuti amalume a ku Malawi akufunsira ng'ombe.

Komabe zinagwira. Ndinapempha munkoyo wachiwiri, anandithirira popanda wokomoka. Ndinapempha bulangete lina. Ndinanena poyera kuti sindigonanso mphasa imodzi ndi mphwanga amene usiku amasandutsa pogona dambo. Achemwali anaomba m'manja. Ine n'kuyamba kuyenda pabwalo manja kumbuyo, mpaka kupereka maganizo pa mtengo wa mkaka.

Tsiku lobwerera, mbiri inali itafika kwa aliyense wa dera limenelo amene ali ndi m'bale ku Malawi. Uyu chigubu cha mafuta ophikira cha azakhali ake ku Namitete, uyu shuga, uyu zitenje, winanso wailesi yakufa yoti akaikonze ku Lilongwe poti kumeneko amisiri ngotchipa. Onse ankadziwa kuti Mmalawi sakana. Ndinapuma mozama, ndikuyang'ana kukhola kuti ndilimbe mtima. Apo n'kuti amayi awo a alamu akubwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, akumasula mfundo ya pansonga ya chitenje.

"Mwanangu, ndati kangachepe aka..."

"Ayi, amayi! Sinditenga kanthu kalikonse!"

Pabwalo panati zii. Gogoyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana ndalama za transipoti zimene anandisungira pogulitsa nkhuku, n'kuzipindanso bwinobwino. Anamanga mfundo ija kawiri, akukoka ndi mano.

Nditacheuka, mafuta, shuga, zitenje ndi wailesi zinali zitakwezedwa kale m'galimoto, ndipo alamu ankafunsa ngati ndingakhale kumbuyo ndi zigubu za mkaka, poti kutsogolo kwakhala wailesi.