Uphungu Wochokera pa Benchi Yakumbuyo

Simenti yakweranso mtengo, ndipo komiti ya zomangamanga yakumananso. Chiigwetsere kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu ziwirizi sizisiyana kuno kwa Malemia. Nkhani ndi yakuti mpingo wakula: mabenchi adzaza, ana ali pamphasa, ochedwa akumvera ulaliki pazenera. Ena akuti timange tchalitchi chachikulu, ena akuti tingoyambitsa mapemphero achiwiri a 6 koloko m'mawa. Ine sindine mbusa kapena mkulu wampingo. Udindo wanga ndi kusinza pa benchi yakumbuyo, ndipo ndikulankhula monga katswiri wa nthambi imeneyi.

Vuto lathu si malo okha, ndi dzuwa. Ku Nsanje kuno, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 ngakhale kuposa. Thinanitsani anthu pansi pa malata, zolengeza zidye ola lathunthu, kwaya iliyonse iimbe ziwiriziwiri, ndiye abusa akamatsegula Baibulo dzuwa lili paliwombo. Amayi akudzikupiza ndi nsonga ya chitenje, abambo thukuta kamukamu m'majekete. Mukaona mitu ikugwedezeka, musaganize kuti uthenga walowa. Amenewo ndi anzanga a m'nthambi ali pa ntchito. Tchalitchi chachikulu sichichiza matenda amenewa, chimangopatsa wosinza malo otambasula miyendo. Koma pa 6 koloko, malata asanapse, ngakhale ine ndikhoza kufika pa Ameni ndili maso. Onani kudzipereka kwake, munthu kupempha yekha kuti ntchito yake ithe.

Otsutsa akuti mpingo ugawikana. Koma khoma linaugawa kale: alipo akhristu am'kati ndi akhristu apansi pa mtengo wa nimu, amene amamva kulira kwa mbuzi kuposa mawu a mlaliki. Akuti abusa atopa, ndipo apa akunena zoona. Nanga akulu ampingo amene timawaika pa mipando yakutsogolo aja, ntchito yawo ndi kuyang'ana amene akusinza basi? Alalikireko. Ku Blantyre mipingo ikuluikulu ya CCAP ndi Katolika imapemphera kangapo Lamulungu lililonse, a Chingerezi paokha, a Chichewa paokha, ndipo siinathe. Kuno mapemphero amodzi akhoza kukhala a Chisena, agogo amve uthenga m'chinenero chimene anayamwira. Akutinso chopereka chichepa. Pamenepa ndimvereni ine mwini ntchito: mbale imadutsa bwinobwino pa munthu wotsinzina, ndipo madikoni amachita manyazi kumugwedeza. Mpingo wodzuka ndiwo umapisa m'thumba.

Chimene sitinena pa msonkhano ndi chakuti tikufuna nyumba yoti mpingo woyandikana nawo uzichita nayo nsanje. Ife a ku Nsanje matenda amenewa tikuwadziwa. Mu Okutobala 2010 pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko pa Shire pompano, mwambo wake wosaiwalika, koma sitima zonyamula katundu tikuzidikirabe mpaka lero. Pakati pa amene tikuwauza kuti abwere ndi ndalama yapepala pa Pepa Sande alipo amasiye amene namondwe wa Freddy anawagwetsera nyumba mu Malichi 2023, ndipo ena mwa iwo akugonabe m'nyumba zosalimba. Kupempha munthu wotere thumba la simenti la nsanja ya belu, iye denga lake likudontha, si chikhulupiriro ayi, ndi kunyada kovala yunifomu ya mpingo.

Choncho inu akuluakulu a komiti, yesani mapemphero achiwiri kwa miyezi ingapo. Safuna njerwa kapena malata, amangofuna kiyi, belu ndi munthu wodzuka msanga. Onse awiri akadzadzaza, tidzakambirane za simenti, ndipo pa msonkhano umenewo mudzandidzutse ndidzavote nawo. Koma pakadali pano, ndalama zili m'thumba la zomangamanga zikafolere kaye nyumba za amasiye athu mvula isanagwe.